Jakisoni womaliza wa galu

Anyamata ogulitsa mankhwala a ziweto m'mbali mwa Great East Road andikwana. Munthu wagula Berenil, jakisoni mmodzi ndi njinga, mawa lake akutchedwa a dotolo. Apeza galu ali gone, amubaya mlingo woyenera ng'ombe, alandira ndalama, ulendo. Berenil ikachuluka mwa galu imawononga ubongo. Galu amadzandira, khosi kuuma, n'kumalira usiku wonse. Apo m'pamene amandikumbuka ine wa vetenale, ndalama zitapita kale.

Kuno ku Rufunsa kashembe ndi wambiri, makamaka kwa Mpanshya ndi kwa Shikabeta, ndipo agalu osaka ndiwo amatenga kaodzera kuthengoko. Amaonda, magazi amatha, maso amachita ng'ala. Zoyeza kutentha kwa thupi ndi kuona nkhama sindinenapo, aliyense wodutsa ku Zambia Institute of Animal Health ku Mazabuka amazidziwa. Chovuta ndi galu amene wafika posabwerera.

Za galu wotere ndinaphunzira kwa mdala wina amene ndinkamunyamulira chola nditangochoka ku Mazabuka. Njinga yake yamoto inali yakale, yolira pokankha, ndipo wokankhayo ndinali ine. Akafika pakhomo sankathamangira galu. Ankalandira mpando, kumwa madzi, kufunsa za mvula, kenako n'kufunsa dzina la galuyo ndi akalulu amene anagwirapo. Mwini wake ankasimba mpaka kuseka, ine ndikupsa mtima kuti dzuwa likupita. Pobwerera ankandiuza kuti munthu akamasimba za galu wake ndiye kuti wayamba kutsanzikana naye, tisamamudule mawu. Mdala uja sankadya nyama ya m'tchire, komanso sankalola kuti galu akokedwe ndi waya iye akuona.

Inenso ndikafika pakhomo, mawu anga amakhala ochepa: "Bambo, galuyu watopa. Ndingathe kumubaya mankhwala ena, koma kukhala kukudyerani ndalama." Ndikatero ndimakhala chete. Akavomera, ndimafunsa ngati ana atsale kapena apite kwa agogo awo.

Ndimayamba ndi mankhwala ogonetsa, obaya m'mnofu, kuti mantha achoke. Mwini wake agwire mutu, azimuitana dzina. Kenako ndimameta mwendo wakutsogolo n'kumanga mphira pamwamba pa chigongono. Apa ndiye pamaoneka luso, chifukwa mwa galu wotha magazi mtsempha umaphwa. Umaufuna ndi chala, osati ndi maso, ndipo ukalasa pambali mankhwala amawotcha mnofu. Mankhwala omalizawo, pentobarbital, amakhala otsekeredwa kwa dotolo wamkulu, sagulitsidwa pamsika. Ndisanabaye ndimachenjeza kuti maso satsinzina, mkodzo ungatuluke, ndipo galu angapume kamodzi mwamphamvu atafa kale. Ukapanda kunena, amayi amakuwa kuti wamupha ndi ululu. Ndimamvetsera mtima mpaka utaleka, ndiye ndimauza mwini wake.

Dzenje likhale lakuya. Mtembowo uli ndi poizoni, afisi, miimba ndi agalu ena akaufukula angafe nawonso.

Galu wachiwewe yekha ndiye sasisitidwa. Ameneyo aphedwe msanga patali, mutu wake upite ku labotale ya ku Balmoral akauyeze, olumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Za malipiro ndiye mutu umawawa. Ng'ombe ikadwala, munthu amagulitsa mbuzi osadandaula. Pa galu amati, "Ndilipire kuti mumuphe, a dotolo? Chibonga chilipo." Petulo wopita kumidzi ya kufupi ndi Luangwa Bridge sawerengera, nthawi yokhala pampando ija sawerengeranso. Ena amandipatsa nkhuku, ena thumba la makala loti ndilimange ndekha panjinga, ena amati ndidikire akolole chimanga.