Maluwa Opirira Chisanu cha ku Silver Spring

Titangofika kuno ku Silver Spring, Maryland, tinadzala pakhomo maluwa ofanana ndi amene tinawazolowera kumudzi. Chisanu cha mu Novembala chinapsereza onse, ndalama n'kulowa m'madzi.

Loweruka lina tinakayenda ku Brookside Gardens ku Wheaton, komwe tinaona maluwa odzala kamodzi koma obwereranso chaka ndi chaka. Black-eyed Susan, duwa lachikasu lomwe Maryland inalisankha kukhala chizindikiro chake mu 1918, limakonda dzuwa, limapirira dothi lamakande lakunoli, ndipo limadzifesa lokha. Daylily nayenso savuta. Pamthunzi pamayenera hosta, kungoti agwape akuno amamudya ngati ndiwo.

Dzalani mu Epulo kapena Sepitembala, thirirani mokwanira chaka choyamba, ndipo phimbirani nthaka ndi masamba ouma monga timachitira kudimba. Pakatha zaka 3 kapena 4, gawani zitsa, mupatseko anzathu obwera kumene.

Chachikulu abale ndi alongo: masamba akauma mu Disembala, musazule. Ife tinazula hosta yense poyesa wafa. Pofika Epulo, wa aneba anali ataphukanso, kwathu kuli mbee!