USIKU WA CISANU PA ULALO WA LUANGWA

Msewu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata uli wa makilomita pafupifupi 570. Basi ikanyamuka m'mamawa, apaulendo amayembekeza kufika kwao dzuwa lisanalowe. Koma sitsiku lililonse pamene zinthu zimayenda tero.

M'mwezi wa July caka ca 2023, mkulu wina amene anagwira nchito ya ukalaliki mu Lusaka kwa zaka zambiri anakwera basi kunka kumudzi kwao kufupi ndi Katete. Tsikulo anali kukwanitsa zaka 70, koma sanauzeko munthu, pakuti mtima wace unali pa nkhani ina. Panali patapita zaka 18 osapondako kwao, kuyambira pamene anakangana ndi mng'ono wace cifukwa ca munda wa malemu atate ao. Tsopano uthenga unafika wakuti mng'onoyo ali kudwala, ndipo mkuluyo sanadziwe ngati akamlandira kapena akamfulatira.

Basi inapitirira Chongwe ndi Rufunsa, niyamba kukhotakhota m'mapiri kutsikira ku cigwa ca Luangwa. Itayandikira mtsinje inayamba kufuka utsi, ndipo inaima pa msika wa pafupi ndi ulalo. Woyendetsa anauza anthu kuti citsulo cina cathyoka, ndi kuti cina cidzacokera ku Lusaka m'mawa mwace.

Msika umenewu ngwodziwika kwa onse oyenda mu msewuwu. Pamagulitsidwa nsomba zouma, madengu, malicero, mphasa, malambe ndi masau. Cigwa ca Luangwa cimachuka ndi kutentha, makamaka mu October, kotero mkuluyo anaganiza kuti usikuwo udzakhala wofunda. Anadzinamiza. Dzuwa litalowa, mphepo yozizira inayamba kuomba, ndipo jekete lace lopyapyala silinathandize kanthu. Bulangete anali atalisiya ku Lusaka.

Mai wina wogulitsa nsomba anamuona ali kunjenjemera pa mwala. "Agogo, senderani kuno ku moto, mungadwale," anatero maiyo. Pa mbaula pace panali kale mnyamata wa sukulu, mai wina wobereka khanda, ndi alimi awiri a ku Nyimba. Palibe amene anali kudziwa mnzace, koma mbatata yootcha inanyemedwa ndi kufika kwa aliyense.

Ali kuotha motowo, mkuluyo anayang'ana kumene kunali ulalo, nakumbukira tsiku limene anauoloka koyamba. Munali mu 1972, ali ndi zaka 19, paulendo wokafuna nchito. Ulalowo unali watsopano, pakuti unatsegulidwa mu 1968, ndipo asilikali anali kuulonda usana ndi usiku cifukwa ca nkhondo za ufulu ku Mozambique ndi ku Rhodesia. Anakumbukiranso amene anamsenzera sutikesi kucokera kumudzi kufikira ku msewu tsiku limenelo. Anali mng'ono wace yemweyo, kamnyamata kopanda nsapato, kamene kanaima kugwedeza dzanja mpaka basi inazimirira.

Tsono anayamba kuwerenga. Atate ndi amai anamwalira kale. Mkazi wace nayenso anatsogola. Ana ace anabadwira m'tauni, ndipo dzina la mudzi amangolimva m'kamwa mwa atate ao. Pa dziko lonse panatsala munthu mmodzi yekha amene anamdziwa ali mwana wobusa mbuzi. Munthu ameneyo anamtaya cifukwa ca munda umene iye mwini sanaulimepo ngakhale mzere umodzi.

Mnyamata wa sukulu uja anafunsa mwaulemu zaka zace. "Lero lomwe ndakwanitsa 70," anayankha mkuluyo. Onse anaomba m'manja ndipo mai wa khanda anaululutira. Atamva kumene anali kunka ndi cifukwa cace, wogulitsa nsomba anasankha nsomba ziwiri zazikulu nazikulunga m'pepala. "Kwa odwala sapita cimanjamanja, agogo. Mukapatse ang'ono anu." Mkuluyo anapisa m'thumba, koma maiyo anakana ndalama, nati kupatsa ndi kuika.

Kutaca, mtsinje unaoneka bwino, madzi ocepa ali kuyenda pakati pa mcenga monga acitira m'cilimwe. Madzi amenewa amacokera kutali ku mapiri a Mafinga, ndipo amakathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira. Basi inakonzedwa dzuwa litakwera. Inaoloka ulalo, nipitirira Kacholola, Nyimba, mphambano ya Petauke ndi Sinda, ndipo inamtsitsa pa Katete cakumadzulo.

Anapeza mng'ono wace atakhala pakhonde, atafunda bulangete, wowonda ndi wa imvi monga iye. Anayang'anana kwa kanthawi popanda mau.

"Akulu, mwacedwa," anatero wodwalayo.

"Ndacedwadi, mng'ono wanga," anayankha mkuluyo, nakhala pansi pambali pace.

Madzulo amenewo nsomba za ku Luangwa zinaphikidwa, ndipo abale awiriwo anadya nsima m'mbale imodzi. Za munda palibe amene anazichula.