Mutu umodzi susenza denga: phunziro lochokera ku Orangi

Akuluakulu akale sankaponya mwambi popanda chinthu chimene anachiona ndi maso. Pamene anati mutu umodzi susenza denga, ankanena za denga lenileni, la nkhokwe kapena la nyumba yozungulira, limene linkalukidwa pansi kenako n'kunyamulidwa kukaikidwa pamwamba. Adzukulu obadwira m'tauni mwina sanaionepo ntchitoyi, choncho ndi bwino kuifotokoza. Mwini nkhokwe ankayamba wadula yekha nsungwi, kusenda luzi ndi kuluka denga lake. Akatsiriza ndi pamene ankaitana anansi. Sankamemeza mudzi wonse ayi, koma anthu okwanira kuzungulira dengalo, odziwana mayina, oti wina akabweza phewa anzake amuone. Ndipo anansiwo ankaitanidwira katundu woti anthu angathe kumunyamula. Palibe amene anamemezedwapo kukasenza phiri.

Mwambiwu umamveka kawirikawiri pamisonkhano ya chitukuko, koma zinthu zitatu zimenezi zimaiwalika. Kutali ku Pakistan kuli anthu amene sanaumvepo mwambi wathuwu, komabe anazitsata zonse zitatu ndipo anakonza dera lawo ndi manja awo.

Orangi ndi dera la kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Karachi, doko lalikulu la Pakistan. Boma linayamba kugawa malo kumeneko cha m'ma 1965, koma anthu anachuluka mofulumira kuposa mapulani a boma, makamaka itatha nkhondo ya 1971 imene inabala dziko la Bangladesh, pamene othawa nkhondo ambiri anafika ku Karachi. Ochuluka anagula tizigawo ta malo kwa ogulitsa osavomerezeka ndi boma, n'kumamanga okha nyumba za njerwa za simenti, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. M'zaka za m'ma 1980 anthu a ku Orangi anali kuyandikira miliyoni imodzi.

Nyumba anamanga ndithu, koma zonyansa zinalibe kolowera. Mabanja ena ankagwiritsa ntchito zidebe zimene anthu olipidwa ankadzakhuthula patapita masiku, ena anakumba maenje amene sankachedwa kudzaza, ndipo madzi oipa ankangoyenderera m'timisewu momwe ana ankasewera. Tayifodi, kamwazi, kutsegula m'mimba, malungo ndi mphere sizinkachoka pakhomo. Kandalama kamene bambo ankapeza kankathera ku mankhwala, ndipo chinyontho chinkadya maziko a nyumba. Akuluakulu a mzinda ankati derali si lovomerezeka ndiponso ndalama zoikira mapaipi palibe. Anthu nawo ankangodikira, poti andale ankawalonjeza kuti tsiku lina boma lidzawachitira zonse mwaulere.

Mu 1980 kunafika mkulu wina, Dr. Akhtar Hameed Khan, ali ndi zaka 65. Iwo anabadwa mu 1914 ku Agra m'dziko la India, ndipo ali mnyamata anali ndi udindo wapamwamba m'boma la atsamunda. Mu 1945 anausiya udindowo n'kukakhala pakati pa anthu wamba, nagwira maganyu ndi ntchito yokonza maloko. Pambuyo pake anatchuka ndi ntchito yotukula alimi ku Comilla, komwe tsopano ndi ku Bangladesh. Ku Orangi anayambitsa bungwe lotchedwa Orangi Pilot Project, koma miyezi yoyamba sanamange kanthu. Ankangoyenda m'timisewu, kukhala pansi ndi anthu ndi kumvetsera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene anapeza zinali zakuti anthu ankafunitsitsa zimbudzi ndi mapaipi, koma panali zopinga zinayi. Choyamba chinali m'maganizo: ankakhulupirira kuti ntchitoyo ndi ya boma lokha. Chachiwiri chinali mtengo, pakuti mapaipi oikidwa ndi makontirakitala anali odula kwambiri. Chachitatu chinali luso, poti anthu odziwa kumanga nyumba sankadziwa kuyeza kutsetsereka kwa nthaka kuti madzi aziyenda okha m'paipi. Chachinayi chinali chakuti panalibe dongosolo lowagwirizanitsa. Chopinga chilichonse chinafunika yankho lakelake.

Pa nkhani ya dongosolo, a Khan sanayese kusonkhanitsa Orangi yense pansi pa komiti imodzi. Anayang'ana kamsewu kamodzi, kokhala ndi nyumba 20 mpaka 40 zoyang'anizana. Anthu a kamsewu kamodzi amadziwana. Amadziwa amene amabweza ngongole ndi amene sabweza, amene ali ndi odwala ndi amene angobisa ndalama. Eni nyumba a kamsewu akagwirizana, ankasankha mmodzi mwa iwo kukhala mtsogoleri wa ntchito, ndipo iye ankapita ku bungwe kukapempha thandizo. Akatswiri ankabwera kudzayeza malo, kujambula pulani ndi kuwerengera mtengo wa simenti, mchenga ndi mapaipi. Ankabwereketsanso zida ndi zikombole zachitsulo. Mtsogoleri uja ndiye ankatolera ndalama, kugula zipangizo ndi kuyang'anira ntchito, anansi ake akuona. Bungwe silinkagwira ndalama za anthu ngakhale pang'ono, ndipo silinkawalipirira mapaipi. M'timisewu tambiri amayi ndiwo ankakakamiza amuna awo kusonkha, popeza iwo ndi amene ankachezera usiku ndi mwana wotsegula m'mimba.

Pa nkhani ya mtengo, akatswiri a bungweli, pamodzi ndi a Arif Hasan, katswiri wojambula mapulani a nyumba amene anakhala mlangizi wawo wamkulu, anafunsa kuti n'chiyani kwenikweni chinkadulitsa mapaipi a boma. Anapeza phindu la makontirakitala, ziphuphu, ndiponso miyezo yokokomeza yosayenerana ndi timisewu topapatiza momwe simudutsa magalimoto olemera. Anafewetsa kamangidwe ka maenje a simenti otsegulira paipi ikatseka, kuti amisiri a m'deralo aziwaumba pomwepo ndi zikombole. Pakati pa chimbudzi ndi paipi ya mumsewu anaikapo kathanki kakang'ono kogwira zolimba, kuti paipi isatseke msanga. Eni nyumba ankakumba okha ngalande kapena kulemba anansi awo. Potero mtengo wa chimbudzi cha m'nyumba pamodzi ndi gawo la banja pa paipi ya mumsewu unatsika kufika pa marupiya pafupifupi 1,000, ndalama imene banja losauka linkatha kuisonkha.

Poyamba zinali zovuta kupeza kamsewu kovomera. Koma pamene kamsewu koyamba kanauma, fungo n'kutha, ana n'kumasewera pouma, a kamsewu kotsatira anabwera okha kudzafunsa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 2000, nyumba zoposa 90,000 za ku Orangi zinali zitalumikizidwa ku mapaipi oikidwa ndi ndalama za eni ake, ndipo timisewu tochuluka kwambiri tinali ndi paipi pansi pake. Paipi ikatseka anthu sankadikira munthu wa ku ofesi, chifukwa ankadziwa pamene inadutsa. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, koma logula ndi thukuta lako umalisunga pouma.

Apa ndi pofunika kusamala, chifukwa nkhani ya Orangi ingamveke ngati ikunena kuti osauka azidzichitira okha zonse ndipo boma lizipuma. A Khan ndi anzawo sanaphunzitse zimenezo. Iwo anaigawa ntchito pawiri. Chimbudzi cha m'nyumba, paipi ya mumsewu, ndi paipi yosonkhanitsa madzi a timisewu tingapo anazitcha ntchito yamkati, ndipo imeneyi ndi ya anthu. Mapaipi akuluakulu otulutsa madzi m'dera lonse ndi malo oyeretsera madzi oipawo anazitcha ntchito yakunja, ndipo imeneyi ndi ya boma, pakuti palibe kamsewu kangaikwanitse. Mapaipi a anthu ankathira m'makwawa achilengedwe otsikira kunyanja, ndipo bungwe linakhala zaka zambiri likukakamiza akuluakulu a mzinda kuti makwawawo awamange ndi kuwavindikira akhale ngalande zazikulu. Kumene boma linachedwa, zonyansa zinapitirira kuthira m'nyanja zosayeretsedwa, ndipo limenelo silinali tchimo la anthu a m'timisewu. Mu 2006 boma la Pakistan linaika njira yogawana ntchito imeneyi m'ndondomeko yake ya zaukhondo ya dziko lonse, itayesedwa kale m'mizinda ina monga Faisalabad.

Chinenero chathu chili ndi liwu lochenjeza za malire amenewa. Kuthangata ndi kuthandiza, ndipo makolo ankathangatana polima ndi pomanga, monga pa dima pamene mwini munda ankafulula mowa anansi n'kudzalima. Koma m'nthawi ya atsamunda eni maesiteti analitenga liwu lomwelo n'kulisandutsa thangata, ntchito yokakamiza imene anthu ankagwira ngati lendi ya malo okhalapo, ndipo inali imodzi mwa madandaulo amene anadzutsa a John Chilembwe mu 1915. Kuthandizana kumasanduka goli pamene wamphamvu atula katundu wake pa mapewa a ofooka n'kumati ndi mwambo. Anthu a ku Orangi anapewa msampha umenewu chifukwa ankadziwa pothera gawo lawo, ndipo atatsiriza lawolo anali ndi pakamwa pofunsira la boma.

Kuti afunse bwino anafunika umboni, ndipo umboniwo unali mapu. Ntchito imeneyi inakula m'manja mwa mayi Perween Rahman. Iwo anabadwa ku Dhaka mu 1957, ndipo banja lawo linali limodzi mwa mabanja amene anathawira ku Karachi itatha nkhondo ya 1971. Ataphunzira zojambula mapulani a nyumba, analowa bungweli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa nthambi yake ya kafukufuku ndi maphunziro. Anaphunzitsa anyamata ndi atsikana a m'madera osauka kuyeza malo ndi kujambula mapu. Achinyamatawo anayenda kamsewu ndi kamsewu, khwawa ndi khwawa, kulemba zimene anthu anamanga kale. Mapu awo anaonetsa zinthu zimene sizinali m'mabuku a boma, mpaka maofesi a boma anayamba kuwagwiritsa ntchito.

A Khan anamwalira mu 1999, koma ntchito sinaime. Mayi Rahman ndi gulu lawo anajambula mapu a midzi yakale yozungulira Karachi imene mzinda unali kuimeza, kuti eni ake apeze zikalata za malo asanalandidwe, ndipo midzi yoposa 1,000 inavomerezedwa ndi boma. Analembanso za anthu amene ankaba madzi m'mapaipi a mzinda n'kumawagulitsa m'mathanki a magalimoto kwa osauka omwewo. Ku Karachi malo ndi madzi ndi chuma chachikulu, ndipo olanda malo sakondwera ndi pepala losonyeza mwini wake weniweni. Pa 13 Malichi 2013, mayi Rahman anawomberedwa ndi mfuti ali m'galimoto pobwerera kunyumba kuchokera ku ofesi yawo ku Orangi, ndipo anamwalira. Mu 2021 khoti linapeza anthu ena olakwa pa imfayi, koma mu 2022 khoti lalikulu la chigawo cha Sindh linawamasula. Mapaipi a zimbudzi sanakwiyitse munthu. Chimene chinaopsa amphamvu chinali chakuti osauka anayamba kudziwa malire a malo awo ndi kuwalemba papepala.

Mdzukulu amene akukhala m'dera lopanikizana, kumene ngalande inatseka kalekale ndipo msonkhano uliwonse umathera pa kudandaula, angatolepo nzeru zingapo pa nkhaniyi. Asayambe ndi dera lonse, ayambe ndi nyumba zimene amadziwa eni ake. Ndalama zosonkha zikhale m'manja mwa munthu amene anansi amamuona tsiku ndi tsiku, ndipo ziwerengedwe poyera. Katswiri wochokera kunja alandiridwe, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma abweretse luso ndi zida, chikwama achisiye kwa eni ake. Mtengo wa chinthu chilichonse ufunsidwe kuti wakwera chifukwa chiyani. Zonse zimene zamangidwa zilembedwe ndi kujambulidwa, chifukwa wopita ku ofesi ndi mapu amamvedwa mosiyana ndi wopita ndi madandaulo okha. Ndipo gawo la anthu likatha, la boma lifunsidwe mosatopa ndi mopanda manyazi.

Anthu a ku Orangi sanasanduke olemera chifukwa cha mapaipi awo, ndipo mavuto a madzi akumwa, ulova ndi ziwawa sanathe ndi ntchito imeneyi. Chimene anapeza n'chakuti mwana ankatha kutuluka pakhomo osaponda zonyansa, ndipo makolo ake ankadziwa kuti pouma pamene mwanayo waima anapakonza ndi iwo eni, pamodzi ndi anansi awo a nyumba yoyandikana nayo.