Mpope Wautali, Mpope Waufupi

Ife ogwira ntchito m'boma tili ndi chizolowezi chimene anzathu amatiseka nacho. Tisanagule chinthu, ngakhale mpando weniweniwu, timayamba talemba papepala ntchito imene chinthucho chidzagwire, kenako kukula kwake ndi kulemera kwake, mtengo n'kubwera pamapeto. Anthu amati n'kuchedwetsa zinthu dala, ndipo nthawi zina amanena zoona. Komabe pa zaka pafupifupi 20 zimene ndakhala ndikulemba mapepala oterewa, ndaona kuti munthu akamalephera kutchula muyeso wa chinthu chimene akufuna, kawirikawiri amakhala kuti sanamvane ndi mtima wake pa chimene akuchifunira chinthucho.

Mng'ono wanga amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu. Anapita kukaphunzira, anapeza banja komweko, ndipo tsopano ndi nzika ya dzikolo. Chaka chatha anandiimbira foni usiku ndi funso limene sindinaliyembekezere.

"Achimwene," iye anatero, "ndikufuna kugula volovolo ya .22 yoti ine ndi mwana wanuyu tizikawombera chandamale Loweruka. Koma mpope wake ndi umene wandizunguza mutu. Ilipo ya mainchi osakwana 2, ilipo ya mainchi 4, ilipo ya mainchi 6. Inu mukuona bwanji?"

Mtima wanga unagunda. Kwathu kuno mfuti si chinthu chokambirana ngati njinga. Yoyamba imene ndinaiona inali gogodela ya agogo, yaitali ngati mpini wa khasu, imene inkatuluka m'nyumba pokhapokha nguluwe zikavuta m'munda. Ndili mnyamata, mu Disembala 1993, tinamva kulira kwa mfuti pamene asilikali ankalanda zida gulu la Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani. Zaka zotsatira tinkagona ndi mantha a achifwamba onyamula AK-47, nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992. Kuno munthu wamba sangasunge mfuti popanda chiphaso cha kupolisi. Ku Indiana zinthu n'zosiyana: kuyambira mu Julaye 2022, munthu wamkulu amene malamulo sakumuletsa kukhala ndi mfuti atha kuyenda ndi mfuti ya m'manja popanda chiphaso. Kumuletsa mng'ono wanga sindikanatha, pakuti ndi bambo wa pakhomo pake. Chimene ndikanatha n'kumuyankha ngati munthu wodziwa chimene akunena. Safunsa anadya phula, choncho ndinamupempha masabata awiri kuti ndiwerenge.

Ndinayamba ndi chipolopolo chenichenicho. Zipolopolo zambiri zimakhala ndi kabatani pakati pa thako lake, ndipo kanyundo ka mfuti kakamenya pamenepo wonga umayaka. Za .22 sizitero. Mankhwala oyatsira wonga amawaika m'kati mwa mkombero wozungulira thakolo, ndipo kanyundo kamaphwanya mkomberowo. N'chifukwa chake Azungu amazitcha rimfire. Luso limeneli ndi lakale: kampani ya Smith & Wesson inatulutsa volovolo yake yoyamba ya zipolopolo zotere mu 1857, ndipo mtundu wa .22 Long Rifle, umene uli ponseponse lero, unabwera mu 1887. Mutu wa chipolopolocho umalemera magalamu 2.6 okha. Mtengo wake ndi wotsika, ndipo mfuti siikankha dzanja kwambiri ikalira, n'chifukwa chake ophunzira kuwombera amayambira pamenepa. Koma kuchepa kwake kusatinamize. Kanthu kameneka kamapha, ndipo kakawomberedwa m'mwamba katha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka.

Nanga utali wa mpope umasintha chiyani? Choyamba ndi liwiro. Wonga ukayaka, mpweya wake umakankha chipolopolo nthawi yonse imene chili mumpope, kotero mpope wautali umachipatsa mpata wothamanga. Mu mpope wa mainchi 6 chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 300 pa sekondi, pamene mu waufupi chimatuluka chisanakhute mphamvu, wonga wotsala n'kupsera panja ndi phokoso komanso moto. Volovolo ilinso ndi kampata pakati pa chigubu chozungulira chija ndi mpope, ndipo mpweya wina umathawira pamenepo, kaya mpope ndi wautali kaya waufupi.

Chachiwiri, chimene chinandigwira mtima kwambiri, ndi kuchalira. Ambiri timaganiza kuti mpope wautali umawongola chipolopolo. Zoona zake n'zakuti mfuti yaifupi ikamangiriridwa pachitsulo chosagwedezeka imalasa bwino ndithu. Vuto ndi diso la munthu. Pamwamba pa mfuti pali kachitsulo kutsogolo ndi kampata kumbuyo, ndipo wowombera amayenera kuziyanjanitsa ziwirizi ndi chandamale. Ndinatenga pensulo n'kuwerengera. Ngati ziwirizi zatalikirana mamilimita 200, monga zimakhalira pafupifupi pa volovolo ya mainchi 6, kulakwitsa ndi milimita imodzi yokha kumataya chipolopolo masentimita 12 ndi theka pa mtunda wa mamita 25. Zikatalikirana mamilimita 150, monga pa ya mainchi 4, kulakwitsa komweko kumachitaya masentimita pafupifupi 17. Pa kamfuti ka mainchi 2 zimaposa pamenepo kutali. Mpope wautali umakhululukira diso, makamaka diso la mwana amene akungoyamba kumene.

Chachitatu ndi kulemera. Smith & Wesson Model 617, imene mng'ono wanga ankaiyang'ana, imalowa zipolopolo 10 ndipo imapezeka ya mainchi 4 ndi ya mainchi 6. Zonse ziwiri zimaposa kilogalamu imodzi, koma yaitaliyo imalemera chakutsogolo. Kulemerako kumakhazika dzanja pansi kuti lisanjenjemere, komanso kumatopetsa mkono msanga. Ina ija, Ruger LCR ya mpope wosakwana mainchi 2, ndi yopepuka moti imalowa m'thumba la jekete munthu osaona.

Ndinapezanso kuti utali wa mpope si nkhani ya amisiri okha, aboma nawo amaulowerera. Pa mpikisano wa dziko lonse wowombera pa mamita 25, malamulo a bungwe la ISSF salola mpope woposa mamilimita 153, amene ndi mainchi 6, kuopa kuti wina angapambane chifukwa cha chitsulo osati luso. Ku Britain nkhani yake ndi ya misozi. Mu Malichi 1996 munthu wina anapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu ya ku Dunblane, ku Scotland. Mu 1997 nyumba ya malamulo inaletsa mfuti za m'manja ku England, Scotland ndi Wales, poyamba zikuluzikulu, kenako ndi za .22 zomwe. Ndipo pofuna kunena kuti mfuti ya m'manja ndi iti, anagwiritsa ntchito rula: ya mpope wosakwana masentimita 30, kapena yosakwana masentimita 60 yonse pamodzi. Opanga malamulowo ankadziwa kuti mfuti yobisika mosavuta ndiyo yoopsa pakati pa anthu.

Masabata awiri atakwana ndinamuimbira. Ndinamufotokozera zonsezi, kenako ndinamufunsa funso la kuofesi kwathu lija.

"Iwe, ntchito ya mfutiyi ndi yotani? Ngati ndi chandamale, bwanji ya mainchi 2 ili pamndandanda wako?"

Anakhala chete kanthawi. Kenako anati amaweruka usiku kuntchito, ndipo anzake ena amayenda ndi mfuti m'galimoto, ndiye ankaganiza kuti imodzi yomweyo igwire ntchito zonse ziwiri. Ndinamuuza kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mfuti yophunzitsira mwana imakhala m'bokosi lokhoma, yopanda chipolopolo, ndipo imatuluka Loweruka. Mfuti ya m'thumba imayenda ndi munthu tsiku limene watopa, tsiku limene wayambana ndi wina pamsewu, ndi tsiku limene waiwala jekete pampando mwana ali pakhomo. Ndinamufunsanso ngati alamu anga ankadziwa za ganizo lachiwirili. Anati ayi, iwo anangovomera za chandamale.

Anagula ya mainchi 6. Anagulanso bokosi lachitsulo lokhoma, ndipo zipolopolo amazisunga kwina. Mwana wathu uja, amene ali ndi zaka 14, poyamba ankadandaula kuti ikulemera, koma mlangizi wa kumalo owomberako anamuphunzitsa kuigwira ndi manja awiri atavala zotseka m'makutu ndi magalasi. Nthawi zina amanditumizira zithunzi za mapepala a chandamale, mabowo akunka nayandikirana mwezi ndi mwezi.

Sindinganame kuti mtima wanga uli m'malo kwathunthu. Mainchi 6 sasandutsa mfuti kukhala chidole, ndipo chimene chikuteteza nyumba ija ndi loko komanso mwambo wa eni ake. Alamu anga ndiwo amasunga kiyi wa bokosilo. Nditamva zimenezo ndinayamba kugona bwinoko.