Kalata kwa Tiyamike asananyamuke ulendo wa ku Singapore

Mwana wanga Tiyamike,

Pa foni paja tinalankhula mothamanga, ndiye ndati ndilembe kuti uziwerenga uli phee. Ndakondwa kuti ndalama zimene mwakhala mukusunga mwaganiza zokaonetsera ana dziko lina. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma masiku anu ndi ochepa, ndipo ine ndimakudziwa: ukafuna kuona zonse, kugula zonse, kujambula zonse, ana n'kumangokokedwa pambuyo akulira. Ulendowu ndi wa anawo. Mukayende pa liwiro la miyendo yawo.

Ndisanapite patali, imva ichi. Usanyamulire munthu aliyense katundu, kaya ndi wachibale, kaya wa kumpingo, kaya mayi wooneka waulemu amene wakupempha pabwalo la ndege. Ku Singapore munthu wopezeka akulowetsa chamba chopitirira magalamu 500 chilango chake ndi kunyongedwa, ndipo mawu akuti "anangondipatsira" sapulumutsa munthu. Zikwama mulonge nokha, mutseke nokha. Wodandaula adandaule.

Malamulo ena ndi ang'onoang'ono, koma amaluma m'thumba. M'sitima zawo za MRT saloleza kudya kapena kumwa, ngakhale madzi, ndipo chindapusa chimafika madola a kumeneko 500. Mdzukulu wanga Mphatso uja sayenda opanda bisiketi m'manja, ndiye umuuziretu. Kugulitsa chingamu anakuletsa mu 1992. Chinyalala usataye pansi, msewu muziwolokera pamalo pake.

Dzikolo lili pafupi kwambiri ndi equator. Kutentha kwake kuli ngati kwa ku Nsanje mu Okutobala, koma kwa chinyontho, thukuta losauma, ndipo mvula imangoti pwa masana osachenjeza. Muzituluka m'mamawa, masana ana agone, madzulo mutulukenso. Nthawi yawo ili patsogolo pa yathu ndi maola 6, choncho tsiku loyamba ana akaodzera pa chakudya usawakalipire. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ingonyamulani mabotolo.

Pa zakudya, musathere ndalama mu hotela. Eni dziko amadya m'malo otchedwa hawker centre, momwe ophika ambirimbiri amakhala pansi pa denga limodzi, aliyense ndi kakhitchini kake, matebulo n'kukhala a onse. Ine pamene ndinali kumeneko ku maphunziro a unamwino ndinkadya ku Maxwell, pafupi ndi Chinatown. Ukaona kapaketi ka tishu pa tebulo lopanda munthu, usakachotse: mwini wake wagwira malo, ali pamzere. Mzere wautali ndiwo ukuuze kumene kuli chakudya chokoma. Anawo uwayambitse ndi mpunga wa nkhuku, umene amauphika mu msuzi wa nkhukuyo, tsabola amaika padera. Mukatha kudya, mbale mubweze nokha pamalo pake, ndi lamulo. Bambo a Mphatso akayamba kulakalaka nsima, uwalimbitse mtima, adzaipeza pobwera.

Zokongola zambiri salipiritsa. Ku Gardens by the Bay, munda umene anautsegula mu 2012, kuli mitengo ikuluikulu yachitsulo yoyangidwa ndi zomera, ndipo madzulo imawala ndi kuimba anthu atakhala pansi. Pamenepo foni uike m'chikwama, uyang'ane nkhope za ana ako. Ku Botanic Gardens akathamange pa udzu mpaka atope. Mathithi a m'nyumba ya Jewel, otalika mamita 40, ali pabwalo la ndege la Changi pomwepo, mukawaone pobwerera. Masitolo a ku Orchard Road ndi odula. Kudutsamo kamodzi n'kokwanira. Ndalama za tsiku lililonse muzigwirizana m'mawa inu awiri, ana asakumveni mukukangana m'dziko la eni.

Chimene ndikufunitsitsa ndi ichi. Tsiku limodzi mukwere sitima mupite kumene kumakhala anthu wamba, monga ku Toa Payoh. Anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakhala m'nyumba zosanja zomangidwa ndi boma, ndipo ukakweza maso uona zovala zitayanikidwa pa timitengo totulukira m'mawindo. Uwauze ana kuti dziko limeneli linayamba kudziimira palokha mu 1965, chaka chimodzi pambuyo pa Malawi, motsogozedwa ndi Lee Kuan Yew, lilibe migodi, lilibe ngakhale madzi okwanira. Mpaka lero ena amagula ku Johor, m'dziko la Malaysia, ena amayeretsa amene agwiritsidwa kale ntchito. Uwaonetsenso amuna ovala zipewa zolimba amene akumanga nyumba zimenezo padzuwa. Ambiri ndi ochokera ku Bangladesh ndi ku India, anasiya ana awo kwawo. Mphatso adziwe kuti mzinda woyera chonchija uli ndi oumanga ndi ousesa. Akakufunsa chifukwa chake kwathu sikuli choncho, umuyankhe zoona, koma osanyoza kwanu pamaso pake.

Kumeneko Atchaina, Amalaya ndi Amwenye amapemphera moyandikana. Mukafuna kulowa mu Sultan Mosque kapena m'kachisi wa Sri Mariamman, muvule nsapato, ndipo iwe chitenje chisachoke m'chikwama. Pojambula munthu amene akupemphera, yamba wapempha.

Mapasipoti asunge munthu mmodzi, ndipo m'thumba la mwana aliyense muike kapepala kolembapo dzina la hotela. Za nyumba musade nkhawa, mlongo wako azikagonako. Mukangotera pa Changi undiimbire, ngakhale kuno kukhale pakati pa usiku. Mulungu akutsogolereni.

Ndine mayi ako,
Nachisale