Nanga timu yathu simuilemba bwanji?

Lolemba m'mawa foni yanga imayamba kulira ndisanasukusule n'komwe. Ambiri sayimba, amangoflasha, poganiza kuti mtolankhani sasowa mayunitsi. Ndikayimba ine, moni amakhala wachidule, kenaka funso lomwe ndakhala ndikulimva zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi: "Achimwene, dzulo tawina. Nanga timu yathu simuilemba bwanji?"

Ndimalemba nkhani za masewero kuno ku Phalombe, n'kumazitumiza ku nyuzipepala ina ya ku Blantyre. Sindine wolembedwa ntchito. Amandilipira nkhani ikatuluka, ndipo ikapanda kutuluka ndiye kuti ndalama ya kabaza ndi ya bando yalowa m'madzi. Anthu a kuno amandiona ngati mwini nyuzipepala, pomwe ine mwini ndimagula kope langa ngati wina aliyense, tsiku lina osalipeza n'komwe chifukwa obwera nazo abweretsa zochepa.

Kuti mumvetse mmene ndimagawira malo, yambani mwaona kukula kwa malowo. Tsamba lakumapeto lili ndi eni ake: Bullets, Wanderers, Silver Strikers ndi Flames. Chaka cha 2023 Bullets itatenga ligi kachisanu motsatizana, n'kuwonjezera zikho za FDH Bank, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge, panalibe mkonzi amene akanachotsa chithunzi cha Kalisto Pasuwa kuti aikepo anyamata a ku Mulomba. Sindikuwadzudzula, nyuzipepala ndi malonda, ndipo ngakhale pa Migowi pomwe munthu akaigula amayamba waona kuti Maule ndi Manoma zikuwayendera bwanji. Ife a m'maboma timagawana kachigawo kam'kati, ndipo m'menemo ndimalimbirana malo ndi anzanga a ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Nsanje. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapepala osindikizira, omwe amachokera kunja, anakwera mtengo, ndipo kachigawo kathu kanayamba kufota. Sabata yabwino ndimapeza malo a nkhani imodzi yaifupi. Sabata yoipa ndimapeza mizere iwiri pansi pa nkhani ya wina.

Tsono ikani malo amenewo pambali pa mpira umene umaseweredwa kuno Loweruka ndi Lamulungu. Pafupifupi bwalo la sukulu iliyonse limakhala ndi fumbi: pa Boma, pa Migowi, ku Chiringa, ku Mpasa, ku Nambazo, kutsikira cha ku nyanja ya Chilwa. Mudzi uliwonse uli ndi timu, ndipo ina ili ndi awiri amene sapatsana moni. Ine ndili ndekha. Kale ndinkayesa kuonera chigawo choyamba pa bwalo lina n'kuthamangira chigawo chachiwiri kwina, koma mapanga awiri avumbwitsa. Ndinkafika kunyumba ndilibe nkhani yathunthu ngakhale imodzi.

Wondifunsa ndimamuuza ndondomeko yooneka bwino. Ndimati poyamba ndi masewero amene ali pansi pa FAM, monga ndime ya m'maboma ya chikho cha Castel Challenge chomwe chinayamba mu 2023, chifukwa wopambana kumeneko amapitirira kukakumana ndi matimu a m'chigawo. Kenaka ligi ya m'boma muno, kenaka mafainolo a zikho za m'madera. Masewero opimana mphamvu sindilemba. Zimenezi n'zoona ndithu, koma pali zina zimene sindinena pagulu.

Choyamba ndi msewu. Bwalo limene lili m'mbali mwa tala wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale ndimafikako ndi ndalama yochepa, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Bwalo la kutali ndi tala, nyengo ya mvula, wakabaza amayamba wandiyang'ana nsapato asanatchule mtengo, ndipo mtengowo umaposa zimene nkhaniyo idzandipatse. Ndiye ndimadalira foni, ndipo pa foni matimu safanana.

Pali timu ina ya kufupi ndi Boma imene mlembi wake ndi mphunzitsi wa ku pulayimale. Mpira ukangotha iyeyu amanditumizira pa WhatsApp mayina onse awiriawiri a ogoletsa, mphindi imene chigoli chilichonse chalowa, amene waonetsedwa kadi, ndi zithunzi zitatu zojambulidwa dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula. Nkhani yotere imakhala yatha kale, ine ndimangoikonza. Ndiye pali kochi wina wa kumbali ya Chilwa, munthu wokonda mpira kuposa tonsefe, amene amayenera kukwera pachulu kuti apeze netiweki.

"Tawaswa, bwana! Zitatu kwa chimodzi!"

"Zikomo akochi. Wagoletsa ndani?"

"Drogba ziwiri, china mwana wa a Gulupu uja."

"Dzina lake lenileni Drogbayo ndani?"

Amakhala chete kaye, ndimamva akufunsa anthu, wina akutchula dzina la kwa amayi ake, wina la kusukulu, kenaka foni yaduka. Ndikayimbira a timu yogonja amati zinathera ziwiri kwa chimodzi chifukwa chachitatucho mpira unadutsa pamwamba, poti goloyo pamwamba pake ndi chingwe, ndipo chingwecho chinali chitagwa pakati. Apa ndimafunafuna oyimbira, popeza lamulo langa ndi lakuti zotsatira sindilemba ndisanamve mbali zonse ziwiri ndi oyimbira. Ndinaphunzira zimenezi nditalembapo kuti timu ina yapambana pamapenate, pomwe masewerowo anathera panjira mdima utagwa. Anthu a mudzi umenewo anandisunga mumtima chaka chathunthu. Koma pofika nthawi imene oyimbira andiyankha, nkhani ya aphunzitsi aja imakhala ili kale pa kompyuta ya mkonzi.

Chinanso ndi ndalama, ndipo pano ndilankhula ngati munthu woti anadyapo. Chisankho chikamayandikira, mabonanza amamera ngati bowa. Wofuna uphungu kapena ukhansala amagula chikho, mipira ndi mayunifomu, n'kutumiza galimoto kudzatenga atolankhani. Pobwerera pamakhala kaenvelopu, kamene pa ntchito yathu timakatchula kuti chipondamthengo. Palibe amene amakuuza cholemba. Koma ukakhala pansi usiku, umapeza kuti ndime yoyamba yadzaza ndi zimene ananena wothandizayo zokhudza achinyamata ndi chitukuko, chithunzi n'cha iye akupereka chikho, ndipo mnyamata amene anagoletsa zigoli zonse ziwiri ali m'ndime yomaliza, imene mkonzi amayamba kudula malo akachepa. Atsikana a mpira wamanja, omwe fainolo yawo imaseweredwa tsiku lomwelo pambali pa bwalo lomwelo, amapeza chiganizo chimodzi choyamba ndi mawu akuti "Ku mpira wamanja". Chiganizo chimenechi ndachilemba kambirimbiri moti zala zimachidziwa zokha.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wachikulire, wapampando wa timu ya m'dera la Nkhulambe. Anandipeza tsiku la msika ku Chiringa ndikudya chimanga chootcha. Anapereka moni mwaulemu, n'kutulutsa m'thumba la jekete kajumbo kopindidwa kanayi. M'katimo munali kapepala kodulidwa mu nyuzipepala, kofiirira ndi ukalamba, ndipo pamwamba pake panali dzina langa.

"Mwanawe, ukukakumbuka aka?"

Ndinakawerenga. Inali nkhani ya tsiku limene ochemerera timu yawo anathamangitsa oyimbira mpaka kukamubisa m'nyumba ya aphunzitsi.

"Timu imeneyi ndakhala nayo kuyambira iwe uli kusukulu," anatero. "Tatengapo zikho, tatumizapo ana kukayesa mwayi ku Blantyre. Koma tsiku limene dziko linamva dzina lathu ndi ili lokha. Ndimakasunga chifukwa kena palibe."

Sanakalipe. Anapinda kapepalako, n'kukabwezera m'jumbo, n'kutsanzika. Madzulo ake ndinatsitsa katoni imene ndimasungamo nkhani zanga zonse, ndinatenga kope, n'kuyamba kulemba kamzere pa dzina la timu iliyonse imene inatulukapo. Sindinafike pakati pa katoniyo ndisanaone chimene bamboyo ankanena. Timizere tambiri tinaunjikana pa matimu ochepa a pa Boma ndi pa Migowi. Matimu a kutali anali ndi kamodzi kapena tiwiri, ndipo nditabwerera kukawerenga nkhani zakezo, zambiri zinali za ndewu, za kukanizana kulowa m'bwalo poopa mankhwala amene akuti akwiriridwa pagolo, kapena za kubwereka osewera a kwina pa fainolo. Ndinazindikira kuti timu ya pafupi ndinkailemba ikasewera, pomwe ya kutali ndinkailemba ikalakwa. Chifukwa chake n'chosavuta: chigoli cha kutali chimafuna kuti wina andiuze bwinobwino, koma mbiri ya ndewu imayenda yokha, imandipeza ndili pakhonde.

Kuchokera pamenepo ndinagawa kope lija potsata madera a mafumu: kwa Mkhumba, kwa Nazombe, kwa Jenala, kwa Kaduya, kwa Chiwalo, kwa Nkhulambe, ndi ena otero. Ndinadziuza kuti mwezi usathe dera lililonse lisanatulukeko pa nkhani ya mpira weniweni. Ndinayendera matimu angapo n'kupempha kuti asankhe mwana wa sekondale mmodzi woti azilemba mayina enieni a osewera mpira usanayambe. Ena ndinawaonetsa kajambulidwe: usaime moyang'anizana ndi dzuwa, yandikira, dikira mpira ufike, osamangojambula anthu khumi ndi mmodzi ataima ngati akudikira katemera.

Ndinganame nditati zinayenda monga ndinafunira. Mkonzi sagula kasinthasintha, amagula nkhani. Nditamutumizira ya matimu awiri a kumudzi amene analepherana osagoletsana, anandiyankha ndi mawu awiri okha: "Ndiye chiyani?" Anali ndi mfundo. Munthu wa ku Ndirande kapena ku Mzuzu alibe chifukwa chowerengera zimenezo. Zinandikakamiza kufufuza chimene chili m'timu iliyonse choposa zigoli. Ndinapeza timu imene imalima munda wa nandolo pamodzi kuti igule yunifomu. Ndinapeza goloboyi amene amakwera bwato usiku kukapha matemba pa Chilwa, m'mawa n'kupalasa njinga kudzaima pagolo. Nkhani zoterezi zimadutsa, koma iliyonse imafuna kuti ndipiteko ndekha, ndikhale pansi, ndidye nawo nsima. Pa foni sizituluka. Ndipo matimu a pa Boma aja anayamba kudandaula kuti ndawataya, mpaka mmodzi anandifunsa ngati ndakwatira ku Nambazo. Nawonso ali ndi mfundo yawo: amasewera mpira wabwinopo, ali ndi ochemerera ambiri, ndipo ndi iwo amagula nyuzipepala. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, foni ndimayankha ndithu.

Malo aakulu kwambiri amene ndinapezapo pa nkhani ya mpira wa kuno anabwera ndi tsoka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'phiri, n'kusesa midzi ya kwa Nkhulambe ndi madera ena. Akuluakulu ankangokumbuka napolo wa 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi, nayenso mwezi wa Malichi. Sukulu zinasanduka misasa, ndipo kwa nthawi ndithu panalibe wolankhula za mpira. Patapita miyezi ndinamva kuti anyamata a bambo uja ayambiranso. Ndinapita. Bwalo lawo lakale linali mchenga ndi miyala, ina yaikulu kuposa ngolo, ndiye anali atalambula malo ena otsetsereka, golo lakumtunda kukhala lovuta kumwetsa kuposa lakumunsi. Yunifomu inapita ndi madzi, timu ina inkasewera yovula malaya kuti asiyane. Mayina ena amene anali pa mndandanda wa mwana wa sekondale uja anali atadulidwa ndi cholembera, ndipo sindinafunse mwanayo pomwepo.

Nkhaniyo inatenga theka la tsamba, ndi zithunzi ziwiri. Wina anaijambula pa foni ndipo inazungulira m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook mpaka kwa ana a kuno amene ali ku Johannesburg, ena mwa iwo anasonkha ndalama ya mipira. Masiku ano ndi mmene nyuzipepala imawerengedwera kuno: kope limodzi, foni zambirimbiri. Nditakumananso ndi bamboyo, anandionetsa kuti m'jumbo muja muli mapepala awiri tsopano. Anathokoza, kenaka anati, "Koma zigoli za tsiku lija sunalembe." Ndinakaona, ndipo zinali zoona. Ndinalemba za miyala, za misasa, za osewera amene kulibe, koma amene anapambana masewerowo sindinatchule.

Lamulungu likubwerali pa Migowi pali ndime ya matimu anayi ya chikho china, ndipo wothandiza wake watumiza kale uthenga kuti galimoto idzandipeza pakhomo. Tsiku lomwelo kochi wa pachulu uja ali ndi masewero olimbirana malo oyamba m'dera lawo, ndipo m'kope langa tsamba lawo lakhala lopanda kamzere miyezi iwiri. Ndayimbira wakabaza wanga, wati mtengo tikambirana Loweruka akaona mitambo. Kochiyo ndamutumizira uthenga kuti mwana wolemba mayina afunse Drogba dzina limene lili pa chiphaso chake.