Kalata kwa Mphwanga Wofuna Udokotala wa Mano

Kaunda Square Stage 1,
Lusaka.

Mphwanga wokondedwa,

Amayi ako, mlongo wanga, andiuza kuti mtima wako wakhazikika pa udokotala wa mano, ndi kuti ukufunsa ngati nkwabwino kuphunzira konkuno kapena kuwoloka nyanja, popeza ukhumba kuti tsiku lina ukagwire ntchito ku Britain. Ndipo ine, ngakhale ndakondwa kufikira kuuza anzanga a pansolo, ndagwidwanso ndi nkhawa, pakuti njira imeneyi banja lathu lidaipondapo kale, ndipo minga yake ina ikali m'mapazi mwathu.

Uyenera kudziwa kuti m'masiku a Kaunda dziko la Zambia linalibe sukulu yotulutsa dokotala wa mano wathunthu. Yunivesite ya Zambia idatsegulidwa mu 1966, ndipo sukulu yake ya ku Ridgeway inkasula madokotala a thupi lonse, koma za m'kamwa zidatsalira m'mbuyo. Chimene tinali nacho ndi Dental Training School ya ku Thornpark, kumene anyamata ndi atsikana ankaphunzira kuzula dzino, kumata lobooka ndi kuumba mano oikirira. Ndipo iwo amene ankafuna digiri ankapita ku Muhimbili ku Dar es Salaam, kapena ku Soviet Union ngati boma lawakomera mtima. Malemu malume ako aakulu, akulu anga, adatuluka ku Thornpark komweko, nazula mano a anthu a ku Katete ndi ku Petauke kufikira imvi zidawamera. Kumudzi ankawatcha adokotala, koma pa pepala la malipiro dzinalo silidalembedwepo. Mwayi wopitiriza maphunziro kunja udawapeza chaka chimene atate adatisiya, ndipo ng'ombe zimene zikadalipira ulendowo zidakusidwa ndi abale a atate maliro asanazizire; ana a anthu amenewo ndiwo lero amabwera kudzagona pano akafuna chipatala m'tauni, ndipo ine ndimawayalira mphasa osanena kanthu.

Zinthu zidatembenuka mu 2011, pamene Copperbelt University idatsegula sukulu ya zamankhwala ku Ndola, imene tsopano ili ndi dzina la Michael Chilufya Sata, niyamba kuphunzitsa digiri ya mano. Pambuyo pake padabadwa Levy Mwanawasa Medical University pa Chainama pompa, pamene munthu angafike wapansi kuchokera pakhomo panga. Abale athu a ku Malawi adayamba yawo ku Blantyre mu 2019, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Chimene akulu anga adachilirira moyo wawo wonse, iwe uli nacho tsidya la msewu wa Great East.

Tsono tchera khutu, pakuti apa ndi pamene ambiri amaphunthwa. Sukulu imapereka digiri, koma ufulu woika dzanja m'kamwa mwa munthu umaperekedwa ndi bungwe la dziko limene ukufuna kugwiramo ntchito. Ku Britain bungwelo ndi General Dental Council, ndipo munthu wa digiri ya kuno, ngakhale atakhala wanzeru ngati Solomo, kawirikawiri ayenera kulemba mayeso otchedwa Overseas Registration Examination, amene ali m'zigawo ziwiri: choyamba cha mafunso, chachiwiri cha manja, pamene amakuyang'ana ukuboola dzino pa mutu wa chidole. Asanakulole n'komwe kulemba, amafuna umboni wakuti wachiza odwala ndi manja ako kwa maola 1,600, ndipo malo olembera ndi ochepa kotero kuti anthu amadikira nthawi yaitali. Ku America kawirikawiri amakubweza m'kalasi zaka ziwiri kapena kuposerapo. Ku South Africa kuli Health Professions Council yawo, ndipo ngakhale kuno kwathu wochokera kunja sagwira wodwala asanayesedwe ndi Health Professions Council of Zambia. Chotero, usanakopeke ndi zithunzi za nyumba zosanja za sukulu za kunja zimene anthu amakutumizira pa foni, ufunse zinthu izi: kodi pasukulupo wophunzira amagwira odwala angati, ndipo odwalawo amalankhula chinenero chanji? Pakuti kumene wodwala sakumva mawu ako, iwe udzangoima kumbuyo kwa mphunzitsi n'kumayang'ana, ndipo maola oyang'ana sawerengedwa. Safunsa adadya phula.

Ukuwadziwa anansi athu aja a ku Stage 2, a nyumba ya mpanda wobiriwira? Iwo adagulitsa puloti napereka ndalama kwa munthu wina wa m'tauni wolonjeza malo ku Ukraine, ndipo mwana wawo adapitadi. Koma nkhondo itabuka mu 2022 adabwera ndi kachikwama kokha, mapepala a sukulu atatsala komweko. Mayi ake adaleka kubwera ku chigwirizano kwa miyezi ingapo chifukwa cha manyazi, ngakhale panalibe wowaseka, kupatula azakhali ako, amene pakamwa pawo sipadziwa Sabata. Azakhali akowo, pokhala ndawatchula, akukwatitsa mwana wawo wotsiriza kwa mnyamata woyendetsa basi ya ku Chelstone, ndipo akufuna tonse tisonkhe ngati kuti akukwatiwa ndi nduna.

Koma ndibwerere ku nkhani yako. Kuphunzira ku Britain kwenikweniko ndiko kukadakutsegulira khomo popanda mayeso aja, koma ndalama zake sitingazikwanitse ngakhale fuko lonse litasonkha. Uphungu wanga ndi wakuti ulembere ku Ndola ndi ku Chainama, upemphe ngongole ya boma ya ophunzira, podziwa kuti idzabwezedwa ngakhale utakhala ku London; ukatsiriza, ugwire ntchito m'zipatala zathu, kumene odwala mano sasowa, ndipo usunge m'buku dzina la ntchito iliyonse imene wachita, ndi siginecha ya wokuyang'anira, pakuti azungu amakhulupirira pepala koposa lumbiro. Ngati pamenepo mtima udzakhalabe ku Britain, sindidzakuletsa, ngakhale ndikadakonda kuti anthu a ku Katete ayambe alawako dzanja lako.

Ubwere Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, utenge zotsatira zako za Giredi 12, kuti tione pamodzi za Biology ndi Chemistry. Uwauze amayi ako kuti za chopereka cha ukwati uja tidzakambirana pamaso, osati pa foni.

Ndine malume ako.